Jambulani muvi musanagwire kalikuleta: ma vector, velocity ndi acceleration

Funso likati munthu wayenda mamita 300 kenako mamita 400, dzanja limathamangira kulemba 700. Nthawi zina yankho ndi 700 ndithu. Nthawi zina ndi 500, kapena 100, ndipo manambala okhawo sangakuuzeni kuti loona ndi liti. Chimene chimakuuzani ndi kumene munthuyo analowera pa ulendo woyamba ndi pa wachiwiri. Malangizo awa ndi a inu amene mukukonzekera mayeso a ECZ (bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia) kuno ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi, ndi inunso amene mukubwereza Physics kudzera mu mayeso a GCE (General Certificate of Education). Pezani rula, protractor, pensulo yosongoka bwino ndi pepala la timabokosi. Kalikuleta ikhale kaye pambali, tidzaiitana nthawi yake ikakwana.

Choyamba: funsani ngati kolowera kuli ndi ntchito

Thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi makilogalamu 50 basi, kaya mwaliyang'anitsa kummawa kaya kumadzulo. Mass, nthawi, kutentha, mtunda ndi liwiro zili choncho, zimangofuna nambala ndi muyeso wake. Zimenezi ndi ma scalar, ndipo muziphatikiza monga momwe mumaphatikizira ndalama. Koma displacement, velocity, acceleration ndi force zimafuna zinthu ziwiri, kukula kwake ndi kolowera kwake. Zimenezi ndi ma vector.

Tengani ulendo wa basi wochoka ku Chipata kupita ku Lusaka pa Great East Road. Msewuwo ndi wa makilomita pafupifupi 570, ndipo umenewo ndiwo mtunda. Koma mukaika rula pa mapu kuchokera pa Chipata kukafika pa Lusaka, mzere woongoka umakwana makilomita pafupifupi 510, kulowera kumadzulo kopendekera pang'ono kummwera. Imeneyo ndiyo displacement. Makilomita 60 otsalawo adyedwa ndi kukhotakhota kwa msewu, makamaka m'mapiri a kufupi ndi mlatho wa Luangwa. Tsono tiyerekeze kuti basi yatenga maola 8. Liwiro lake la ulendo wonse ndi 570 kugawa ndi 8, pafupifupi makilomita 71 pa ola. Velocity yake ya ulendo wonse ndi 510 kugawa ndi 8, pafupifupi makilomita 64 pa ola, ndipo muyenera kuonjezapo kolowera. Basi yomweyo ikabwerera mawa n'kudzaima pamalo pomwe inanyamukira, mtunda wakwana 1,140 koma displacement ndi 0, velocity ya ulendo wopita ndi wobwera ndi 0, ngakhale kuti dizilo watha thanki yonse.

Musanapitirire, sinthani miyeso. Makilomita pa ola agaweni ndi 3.6 kuti akhale mamita pa sekondi: 36 km/h ndi 10 m/s, 54 km/h ndi 15 m/s, 72 km/h ndi 20 m/s. Atatu amenewa alowezeni pamtima, amabwera kawirikawiri.

Chachiwiri: jambulani, ndipo jambulani ndi sikelo

Vector iliyonse ndi muvi. Kutalika kwa muvi kukuimira kukula, nsonga yake ikuloza kolowera. Pakona ya pepala lembani kamuvi kosonyeza kumpoto, kenako sankhani sikelo n'kuilemba poonekera, mwachitsanzo sentimita 1 kuimira mamita 50. Sikelo ikhale yoti chithunzi chidzaze theka la pepala. Kachithunzi kakang'ono ngati chikhadabo kamabisa zolakwa, chifukwa makulidwe a pensulo okha amasintha yankho.

Tiyeni ku funso lija. Mwana wachoka pakhomo, wayenda mamita 300 kummawa kukafika pa mjigo, kenako mamita 400 kumpoto kukafika pa chigayo. Jambulani muvi woyamba wa masentimita 6 kuloza kummawa. Muvi wachiwiri, wa masentimita 8, uyambire pa nsonga ya woyambawo, osati pa mchira wake. Mivi izindondozana ngati ng'ombe zopita ku dibi, mutu wa iyi pa mchira wa inayo. Mukatero lumikizani poyambira penipeni ndi nsonga yomaliza. Muvi watsopanowu ndiwo resultant. Upimeni ndi rula: masentimita 10, ndiye kuti mamita 500. Ikani protractor poyambira, mupeza madigiri 53 kuchoka kummawa kupendekera kumpoto. Funso likafuna bearing, werengani kuyambira kumpoto motsata kayendedwe ka wotchi, mulembe 037°.

Mukasinthanitsa, kuyamba ndi wa kumpoto kenako wa kummawa, mufika pa chigayo chomwecho. Mivi ikakhala itatu kapena isanu, njira ndi yomweyi. Ikazungulira n'kudzathera pomwe inayambira, resultant ndi 0.

Mabuku ena amaphunzitsa njira ya parallelogram, yoyambitsa mivi yonse iwiri pamalo amodzi n'kumaliza chithunzi cha mbali zinayi. Yankho ndi lomwelo. Ine ndimakonda yondondozayi chifukwa sisokonekera mivi ikachuluka, koma funso likatchula parallelogram, chitani zomwe lanena.

Pali kafukufuku wachangu amene satenga ngakhale mphindi. Resultant ya mivi iwiri singapose kuphatikiza kwake, ndipo singachepere kusiyana kwake. Pa 300 ndi 400, yankho lililonse liyenera kukhala pakati pa 100 ndi 700. Mukapeza 850, musatayenso nthawi kuliteteza, bwererani.

Ngati muli ndi anzanu, pitani pabwalo la mpira ndi chingwe. Mapazi atatu uku, anayi uko, pimani mzere wodutsa pakati. Amisiri omanga nyumba amagwiritsa 3, 4, 5 yomweyi poongola makona a maziko, ndipo ambiri mwa iwo dzina la Pythagoras alibe nalo ntchito.

Chachitatu: mivi ikakumana pa madigiri 90, itanani Pythagoras

Apa ndi pamene kalikuleta ilowa. Musanaigwiritse, dinani sin 30. Ikapereka 0.5, zili bwino. Ikapereka −0.988, ili pa RAD, ibwezeni pa DEG, apo ayi mayankho onse a tsikulo apita m'madzi.

Chitsanzo chabwino ndi bwato lowoloka mtsinje, chifukwa limakhala ndi ma velocity awiri nthawi imodzi. Tiyerekeze malo ena pa Luangwa pamene m'lifupi mwa mtsinje ndi mamita 120, madzi akuyenda 0.5 m/s, ndipo wopalasa amatha kuyendetsa bwato 1.2 m/s pa madzi odekha. Manambalawa ndi ophunzirira chabe.

Wopalasa walozetsa bwato tsidya lina molunjika. Jambulani muvi wa 1.2 wodutsa mtsinje, pa nsonga yake muyambitse wa 0.5 wotsata madzi. Resultant: 1.2 kuchulukitsa ndi 1.2 ndi 1.44, 0.5 kuchulukitsa ndi 0.5 ndi 0.25, pamodzi 1.69, ndipo square root yake ndi 1.3 m/s. Kolowera kwake, ngodya tikaitcha θ: tan θ ndi 0.5 kugawa ndi 1.2, zomwe zikupereka madigiri 22.6 kupendekera kumene madzi akupita. Munthu woima pagombe aona bwato likuyenda chopingasa chotero.

Nanga litenga nthawi yaitali bwanji kuti lifike tsidya? Apa ambiri amagawa 120 ndi 1.3, ndipo amalakwa. Mamita 120 aja ndi odutsa mtsinje, ndiye agawidwe ndi velocity yodutsa mtsinje, 1.2. Yankho ndi masekondi 100. Madzi sakulithandiza bwatolo kuwoloka, komanso sakulichedwetsa, akungolisunthira kumunsi. Pa masekondi 100 amenewo alisuntha 0.5 kuchulukitsa ndi 100, mamita 50. Ngati mukufunabe kugwiritsa 1.3, gwiritsani ndi njira yeniyeni imene bwato ladutsa, yomwe ndi mamita 130, ndipo mupezanso masekondi 100 omwewo. Lamulo lake ndi lakuti mtunda ndi velocity zimene mukugawanazo ziloze kumodzi.

Tsopano litembenuzeni funsolo. Wopalasa akufuna kukafika pa dooko loyang'anizana ndendende ndi pomwe wanyamukira. Ayenera kulozetsa bwato pang'ono kumene madzi akuchokera. Jambulaninso, musagwiritse chithunzi chakale, chifukwa ulendo uno 1.2 ndiye wakhala mbali yaitali ya makona atatuwo. Choncho ngodya ipezeka ndi sine: sin θ ndi 0.5 kugawa ndi 1.2, madigiri 24.6. Velocity yodutsa mtsinje ndi square root ya 1.44 kuchotsa 0.25, pafupifupi 1.09 m/s, ndipo ulendo utenga masekondi 110. Wafika pamalo pomwe amafuna, koma walipira masekondi 10. Taonani kuti 22.6 ndi 24.6 n'zoyandikana kwambiri. Wopanda chithunzi sadziwa n'komwe kuti wasokoneza tangent ndi sine. Ndipo madzi akanathamanga kuposa 1.2, monga zimakhalira mtsinje ukadzaza mu February, sin θ ikanaposa 1, kalikuleta n'kukana. Kukanako kukutanthauza kuti palibe ngodya imene ingamufikitse molunjika.

Chachinayi: ngodya ikakhala ina, phwanyani muvi pawiri

Wa njinga yonyamula anthu wayenda makilomita 4 kummawa, kenako wakhota n'kuyenda makilomita 3 pa ngodya ya madigiri 60 kuchoka kummawa kupendekera kumpoto. Pythagoras sagwira pano mwachindunji, chifukwa palibe ngodya ya 90. Chochita n'kuufunsa muvi wopendekerawo mafunso awiri: wandipititsa kummawa motani, nanga kumpoto motani?

Kummawa: 3 cos 60, yomwe ndi 1.5. Kumpoto: 3 sin 60, yomwe ndi 2.6. Amenewa ndiwo ma component. Lembani mizere iwiri. Mu mzere wa kummawa muli 4 ndi 1.5, pamodzi 5.5. Mu mzere wa kumpoto muli 0 ndi 2.6, pamodzi 2.6. Tsopano mwatsala ndi mivi iwiri yokumana pa 90, ndipo mwabwerera ku njira yachitatu ija. Resultant ndi pafupifupi makilomita 6.1, pa madigiri 25 kuchoka kummawa kupendekera kumpoto. Ili pakati pa 1 ndi 7, kotero kafukufuku uja wavomera.

Musaloweze kuti cosine ndi ya kummawa nthawi zonse. Cosine imapita ku mbali imene yagundana ndi ngodya. Funso likapereka ngodya kuchokera kumpoto, monga zimakhalira ndi bearing, cosine ipita kumpoto. Muvi ukaloza kumadzulo kapena kummwera, component yake ilembedwe ndi minus.

Chachisanu: acceleration ndi kusintha kwa muvi wa velocity

Tengani velocity yomaliza, chotsani yoyamba, gawani ndi nthawi. Pa msewu woongoka ndi zophweka. Minibasi yanyamuka pa siteji n'kufika 54 km/h pa masekondi 10. Sinthani kaye: 15 m/s. Acceleration ndi 15 kuchotsa 0, kugawa ndi 10, 1.5 m/s². Kutanthauza kuti sekondi iliyonse velocity ikuonjezeka ndi 1.5 m/s. Mukajambula galafu ya velocity ndi nthawi, kutsetsereka kwa mzere ndiko acceleration, ndipo malo a pansi pa mzere ndiwo displacement, pano theka la 10 kuchulukitsa ndi 15, mamita 75.

Dalaivala waona mahampu, watsika kuchoka pa 20 m/s kufika pa 5 m/s pa masekondi 5. Acceleration ndi 5 kuchotsa 20, kugawa ndi 5, −3 m/s². Minus ameneyu akungonena kuti muvi wa acceleration waloza kumbuyo pamene galimoto ikupita kutsogolo. Sankhani mbali ya plus poyamba penipeni, ilembeni pambali pa chithunzi, musaisinthenso mpaka funso lithe.

Pali chiwerengero chimodzi chimene ndimafuna aliyense wokhala m'mbali mwa Great East Road atachidziwa, kaya alemba mayeso kaya ayi. Gwiritsani v² = u² + 2as, pomwe u ndi velocity yoyamba, v yomaliza, a ndi acceleration, s ndi mtunda. Galimoto imene mabuleki ake akupereka −5 m/s², ikamayenda 10 m/s imaima pa mamita 10. Ikamayenda 20 m/s imaima pa mamita 40. Liwiro lawirikiza kawiri, mtunda woimira wawirikiza kanayi, chifukwa u ali ndi sikweya. Apo sitinawerengere nthawi imene dalaivala amatenga asanaponde buleki. Ikakhala sekondi imodzi, pa 20 m/s ndi mamita 20 ena.

Chachisanu ndi chimodzi: pokhota, chotsani mivi, osati manambala

Gawo ili ndi limene limasiyanitsa amene wamvetsa ndi amene waloweza. Wa njinga akuyenda 5 m/s kummawa, wakhota pa mphambano, ndipo patatha masekondi 4 akuyenda 5 m/s kumpoto. Liwiro silinasinthe. Kodi acceleration ndi 0? Ayi. Muvi wa velocity unaloza kummawa, tsopano waloza kumpoto, ndiye wasintha.

Kuchotsa vector n'kuitembenuza kenako n'kuphatikiza. Jambulani velocity yomaliza, 5 kumpoto. Tembenuzani yoyamba, ikhale 5 kumadzulo, muiyambitse pa nsonga ya inzake. Resultant ndi square root ya 50, pafupifupi 7.1 m/s, kuloza pakati pa kumpoto ndi kumadzulo. Gawani ndi masekondi 4: pafupifupi 1.8 m/s² kolowera komweko. Yang'anani pa chithunzi cha msewu, muona kuti muvi umenewu waloza m'kati mwa khotolo. Zimakhala choncho nthawi zonse chinthu chikamakhota pa liwiro losasintha, ndipo kukula kwake ndi v² kugawa ndi r, pomwe v ndi liwiro, r ndi radius ya khotolo. Basi ya 10 m/s pa khoto la radius ya mamita 100 ifuna 1 m/s². Pa 20 m/s ifuna 4 m/s². Chimene chimapereka acceleration imeneyo ndi kugwira kwa matayala pa tala. Matayala akakhala akutha, kapena msewu ukanyowa, kugwirako sikukwana, ndipo basi imapitirira molunjika kumene velocity yake inaloza. Inunso okwera mukamamva ngati mukukankhidwira ku windo, palibe chikukukankhani. Thupi lanu likufuna kupitirira molunjika, basi ndiyo ikukhota pansi panu.

Kuchotsa komweku kumafotokoza za mvula. Ikugwa choongoka pa 8 m/s, inu mukupalasa 6 m/s. Tembenuzani velocity yanu, phatikizani ndi ya mvula, mupeza 10 m/s, yopendekera madigiri 37 kuchoka pa mzere woongoka wopita pansi, ikubwera kuchokera kutsogolo. N'chifukwa chake wokwera kumbuyo amapendeketsa ambulera kutsogolo ngakhale kulibe mphepo.

Chachisanu ndi chiwiri: chinthu chili m'mwamba

Chilichonse chimene chachoka m'manja, tikanyalanyaza mpweya, chili ndi acceleration imodzi yokha, 9.8 m/s² kuloza pansi. Mapepala ambiri a mayeso amakuuzani kugwiritsa 10, tsatani zomwe alemba. Ponyani bango m'mwamba pa 15 m/s, m'mwamba mukhale plus. Patatha sekondi 1 velocity ndi 5, pa 1.5 ndi 0, pa 2 ndi −5, pa 3 ndi −15 ndipo labwerera m'manja. Pamwamba penipeni, pa mamita 11.25, velocity ndi 0 koma acceleration ikadali −10. Ikanakhala 0, bangolo likanatsala lili lende pomwepo. Funso limeneli limabwera mobisika m'njira zambiri, ndipo yankho silisintha.

Chinthu chikamapita kutsogolo uku chikugwa, gwiritsani nzeru ya bwato ija, zam'mbali pazokha, zopita pansi pazokha. Galileo ndiye anazilongosola mu 1638, n'kusonyeza kuti njira ya chinthu chotere ndi parabola. Thumba la mtedza lagwa pa lole imene ikuyenda 10 m/s, kuchokera pa mamita 1.8. Yambani ndi kugwa: mtunda wogwa s ndi theka la g (acceleration ya 10 ija) kuchulukitsa ndi t² (t ndi nthawi), choncho 1.8 ndi 5t², t² ndi 0.36, t ndi masekondi 0.6. Liwiro la lole sililowamo m'chiwerengerochi. Thumba logwa pa lole yoima lingatengenso 0.6 yomweyo. Kenako zam'mbali: thumba linachoka ndi 10 m/s ya lole, ndipo palibe choichepetsa, ndiye pa masekondi 0.6 lapita mamita 6 kutsogolo. Lole nayo yapita mamita 6 omwewo, kotero wokhala pamwamba pa katundu aona thumba likugwa choongoka pansi pake, pamene woima m'mbali mwa msewu aona likupinda.

Pofika pansi lili ndi ma velocity awiri, 10 m/s kutsogolo ndi 10 kuchulukitsa ndi 0.6, 6 m/s kuloza pansi. Jambulani mivi iwiriyo mondondozana. Resultant ndi square root ya 136, pafupifupi 11.7 m/s, ndipo tan θ ndi 6 kugawa ndi 10, madigiri 31 kupendekera pansi. Pa mzere wa yankho lembani zonse zitatu: 11.7, m/s, ndi madigiri 31 pansi pa mzere wogona.